Kesadiya ya Atsibweni

Lolemba

Atsibweni akubwera Loweruka kuchokera ku Kabudula. Nkhani ndi dimba la kudambo lomwe ankalima malemu agogo. Ofuna tilipo awiri: ine ndi Nabanda, mwana wa amayi aang'ono. Atsibweni akuti aona kaye yemwe ali ndi mutu.

Mutu ndili nawo, ndiwaonetsa. Mng'ono wanga wa ku Joni wanditumizira kanema pafoni: chakudya chotchedwa kesadiya. Chapati chopinda pakati, m'kati nkhuku yonyotsolanyotsola ndi tchizi, n'kuwotcha pachiwaya. Mzungu wophika mukanemamo akuti n'chachangu, ndipo akuphika atavala wotchi, osatuluka thukuta ngakhale dontho.

Zofunika:
chapati
nkhuku (ilipo, tambala uja wolongolola)
anyezi, tsabola
tchizi

Nabanda aphika zamasiku onse. Ndikumumvera chisoni.

Lachiwiri

Pa Nsaru ponse palibe tchizi! Golosale yoyamba andipatsa majarini. Yachiwiri chambiko. Kwachitatu bambo wake wandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa: "Kodi ndi mankhwala a mbewu kapena a anthu?"

Amuna anga, a bambo a Tadala, akupita m'tauni Lachinayi kukaona za feteleza. Ndawauza dzina lake mpaka aloweza. Akuti, "Zanuzi mayi, tiona."

Lachitatu

Kuyeserera chapati. Ndayamba ndi ufa woyera, poti mng'ono wanga akuti eni ake amapangira chimanga. Bodza! Ndikati ndipinde, chikuthyoka. Mgaiwa ndiye wachita kuyoyoka ngati dothi la pachulu.

Amayi adutsa pakhitchini: "Chikondamoyo chimenechi chakulakwira chiyani, mwanawe?"

Ndakapempha fulawa kwa mayi wa mandasi. Tsopano chikupindika, koma maonekedwe ake ngati mapu a boma la Lilongwe. Manja akuwawa. Wotchi ya mzungu uja ndayamba kuikayikira.

Lachinayi

Tchizi wafika. Mayo ine! Kanthu kake kochepa ngati sopo wotsala kubafa, koma a bambo a Tadala akuti ndalama zake akanagulira nkhuku ina yamoyo. Ndiye anakaika m'thumba la jekete, n'kukhala pampando wa pa injini mu minibasi, dzuwa la Okutobala lino. Kafika kali phwetete, kakutuluka thukuta.

Anunkhiza. "Kodi zimenezi anthu amadyadi, eti?"

Filiji tilibe. Ndakakulunga m'pepala la pulasitiki n'kukamiza mu mtsuko wa madzi akumwa. Nzeru zimenezi Nabanda angazipeze kuti?

Lachisanu



Pepala linabooka. Amayi amwa madzi m'mawa, alavula, akuti mu mtsuko mwafera khoswe. Akhuthulira zonse panja ine ndili kumjigo. Pobwera ndapeza tambala ali kalikiliki kujompha tchizi wanga, nkhuku zinzake zikudikira pamzere!

Ndathamanga, ndagwa, chitenje uko. Chomwe ndalanditsa n'chachikulu ngati chala chamanthu.

Ndiye kuti nkhuku ndi tchizi zakumana kale popanda ine. Tambala ameneyu mawa aona.

Loweruka

Sindikudziwa poyambira.

Tambala ndamupha m'mawa atsibweni asanafike. Kulakwa koyamba: mlendo amayenera kuonetsedwa nkhuku yake ikadali yamoyo, aigwire, athokoze. Ndinaiwaliratu, mutu uli pa kanema.

Ndawiritsa, ndanyotsola yonse monga anachitira mzungu. Ntchafu, chidali, mapiko, chiwindi, nthutumba, zonse nyenyenye m'beseni limodzi. Mafupa kwa galu. Tchizi ndapala ndi mpeni kuti akwanire, moti chapati chilichonse changomva fungo.

Ndagwada, ndapereka madzi osamba m'manja, ndaika mbale. Atsibweni avundukula. Atsegula chapati chimodzi ngati akuyang'ana fodya wowola pakati pa belo.

"Ichi n'chiyani?"

Ndati ndi nkhuku, atsibweni.

"Inagundidwa ndi galimoto?"

Atsegula chachiwiri, chachitatu, akufufuza ndi chala. Kenako funso lija lomwe mwana aliyense wa m'mudzi muno amalidziwa, kupatula ine lero:

"Nanga nthutumba ili kuti?"

Nthutumba! Ya mlendo wolemekezeka, yosakhudzidwa ndi wina aliyense, yoonetsa kuti nkhuku yaperekedwa yathunthu! Ndati ilimo, kungoti yamwazikana. Amayi agwira pakamwa. A bambo a Tadala akuyang'ana kudenga ngati aona koyamba kuti nyumba yathu ndi yamalata.

Atsibweni afunsa amayi motsitsa mawu, koma ndamva: "Mlongo, kunotu sikunadutse chitopa?" Akuganiza kuti ndawaphikira nkhuku yofa yokha, n'kuinyenya kuti asazindikire!

Aluma pang'ono pam'mbali, popanda nyama. Athokoza chifukwa cha "kachakudya ka tiyi", n'kukhala kudikira chakudya chenicheni. Panalibe china. Ine ndinakhulupirira kanema.

Posakhalitsa Nabanda watulukira, thadzi lamoyo m'manja, wagwada cha patali. "Atsibweni, kandiwo kanu aka." Atsibweni anyamuka kumutsatira osatsanzika bwino.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Azimayi akumbuyo kwanga akunong'onezana, mawu omwe ndikutola ndi "nthutumba" basi. Wina akuti ndinadya ndekha kukhitchini. Wina akuti ndinapatsa mwamuna wanga kuti asamandiyankhe.

Atsibweni alankhula ndi amayi asanakwere njinga. Akuti sanakwiye. Akuti ndine mwana wabwino, wochangamuka, koma munthu wosasiyanitsa ntchafu ndi phiko sangasunge malire a dimba. Lapita kwa Nabanda.

Zotsala za dzulo a bambo a Tadala ndi Tadala amaliza zonse, mpaka kunyambita zala. Akuti n'zokoma zedi, ndidzaphikenso liti? Ndalawa kachidutswa. N'zokomadi, ndipo chimenecho ndicho chikundiwawa kwambiri.

Madzulo ano Nabanda wabwera, ulemu wake wonse, kudzabwereka keni yothirira. Ndamupatsa ndi khasu lomwe. Ine ndithirira chiyani?