Kafukufuku wanga wa pa kiyosiki ya madzi

Mpaka lero ndikamadutsa pa kiyosiki ya madzi kwathu ku Chinsapo ndimafulumiza miyendo, nkhope ili kumbali. Koma ndinene poyambirira: wolakwa si ine ndekha, ngakhale dera lonse linagwirizana kuti ndi ine.

Zinayamba ndi mlendo amene anabwera kusukulu kudzalankhula nafe a Fomu 4. Anali mayi wophunzitsa ku yunivesite malamulo okhudza boma ndi anthu ake. Anati ntchito yawo ndi kuphunzitsa ndi kufufuza. Anatinso aliyense wopatsidwa udindo, kaya ndi nduna kaya ndi mlonda wa pageti, ayenera kufotokoza chifukwa cha zimene wachita, ndipo wofufuza saopa kufunsa. Ndinatuluka m'kalasimo nditasankhiratu ntchito ya moyo wanga (anzanga anatuluka akukambirana za nsapato za mayiwo).

Loweruka lotsatira madzi anabwera atasowa masiku angapo, ndiye amayi anandituma ndi zigubu ziwiri. Mzere wa zigubu ndi ndowa unafika mpaka kumsewu, eni ake atakhala pamthunzi. Ndili chiimire ndinaona atsikana ena akubwera ndi ndowa zikuluzikulu, mzerewo osauyang'ana n'komwe. Amayi a Chisomo, amene amagulitsa madzi pa kiyosikipo, anasuntha chigubu cha munthu wina n'kuyamba kuwatungira. Palibe anadandaula. Atsikanawo anapita, anabweranso, anawatungiranso.

Mumtima ndinati, kafukufuku uja ndi ameneyu. Waudindo alipo, tsankho lilipo, oponderezedwa ali chete ndi mantha. Chikusowa ndi wofufuza basi. Ndinapita kutsogolo.

"Pepani Amayi, ndifunse nawo. Ndi lamulo liti likukupatsani mphamvu yodumphitsa anthu mzere?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi. "Iwe si mwana wa Nabanda iwe? Bwerera pamzere."

"Simunandiyankhe. Aliyense wa udindo ayenera kufotokoza."

"Udindo wake uti? Wotsegula mpopi?"

Anthu anaseka. Ine ndinayesa akuseka amayi a Chisomowo (apa ndi pamene munthu wanzeru akanakhala pansi). Ndinakwera pa kakhonde ka simenti, ndinatembenukira kugulu, n'kuyamba phunziro langa loyamba. Ndinawauza kuti dziko limaonongeka chifukwa chokhala chete, kuti katangale amayambira pampopi n'kukathera ku maofesi akuluakulu. Mawu ankatuluka okha, okoma ngati a pa wailesi. Pomaliza ndinaloza ndowa zija n'kufunsa kuti, "Tiuzeni poyera, atsikanawa akupatsani zingati?"

Mtsikana mmodzi anatula ndowa pansi n'kuyamba kulira.

"Madziwa ndi a pasiwa," anatero mayi wina ali pamthunzi. "Kwa a Phiri kuseri kwa chigayo kwagwa zovuta. Amene walizayo ndi mdzukulu wa malemu."

Inde, ndikudziwa, madzi a pamaliro sayima pamzere. Mwana aliyense wa ku Chinsapo amadziwa. Koma ine ndikanadziwa bwanji kuti kuli maliro? Ndinali m'nyumba kuwerenga! Nthambi zodziwitsa maliro anaika mumsewu wakumtunda, ine ndinadzera wakumunsi. Ndipo gulu lonse lija, analephera ndani kundikoka siketi ndisanakwere pakhonde? Anandisiya dala ndimalize.

"Tenga zigubu zako," anatero amayi a Chisomo. "Banja lanu lisadzatungenso pano mpaka amako abwere okha."

Kiyosiki ina ili kutsidya kwa dambo, ndipo kunyumba kunalibe ngakhale madzi osukusulira. Nkhani inandipitirira panjira (sindikudziwa imadzera kuti). Amayi ndinawapeza pakhomo atamanga kale chitenje.

"Ndakutuma madzi kapena mlandu?"

"Amayi, munthu saweruzidwa asanamvedwe mbali yake."

"Mbali yako yamveka Chinsapo yonse. Tsogola."

Tinabwerera pa kiyosiki. Amayi anapepesa, ine ndinagwada pamatope patsogolo pa kakhonde kamene ndinaphunzitsirapo anthu kaja. Amayi a Chisomo anagamula kuti atikhululukira ndikatunga madzi a pasiwa mpaka dzuwa kulowa. Apilo panalibe. Ndinayang'ana amayi kuti mwina andiimira, iwo anangoti chilangocho chachepa.

Nditafika pasiwa ndi ndowa yoyamba, azimayi ophika anandilandira ngati amandidikira. "Afika a Loya! Apatseni ndowa yaikulu ija." Ndinapepesa kwa mtsikana uja, ndipo zimenezo ndinachita ndi mtima wonse, chifukwa iye sanandilakwire. Koma za uloyazo sindinapirire. Ndinawauza mwaulemu kuti sindikufuna kukhala loya, ndikufuna kudzaphunzitsa maloyawo.

"Oho, pepani," anatero mayi wamthiko. "Aphunzitsi a maloya, mukatula madziwo mukawaze nkhuni."

Chiletso chinachotsedwa madzulo omwewo, khosi langa litauma ngati mtengo. Phunziro ndatolapo ndi lakuti wofufuza ayambe wafunsa ngati kwagwa zovuta asanakwere pakhonde. Koma sabata yatha amayi a Chisomo anadumphitsa mzere mlamu wawo, kulibe maliro alionse m'dera lonse. Ndinaona ndi maso angawa. Iwonso anaona kuti ndaona, n'kundifunsa ngati ndili ndi funso. Ndinati ayi, chifukwa zigubu zanga zinali zisanadzaze.