Ndichotseni Ntchito, Bwana!

Lolemba
Tulo sindinatione. Ndiulule: ndachezera kupemphera kuti andichotse ntchito. Abusa a ku Makwasa andipezera malo a uphunzitsi, koma ndikafike Lachitatu la mlungu wamawa, apo ayi apatsa wina. Vuto ndi ili: ndinasaina chaka chathunthu pa ukalaliki wa pasikelo ya tiyi kuno ku esiteti. Ndikachoka ndekha ndiye kuti ndathawa ntchito, mesenjala wa Boma andilondola. Akandichotsa Bwana, ndine mfulu. Andichotse basi!
Zimene Mkhristu sangachite: kuba, kunama, kuledzera, kumenya munthu.
Zotsala: zochepa zedi.

Lachiwiri
Ndikufika mochedwa dala, othyola tiyi atopa pamzere ndi madengu awo. A Muhiwa, akapitawo athu, akundinong'oneza: "Mtima pansi achimwene, ndawauza Bwana kuti mwatsegula m'mimba." Andinamira bodza osandifunsa! Tchimoli ndi lawo kapena langa?

Lachitatu
Lero chipewa. Kuno ukakumana ndi mzungu umatsika panjinga n'kuvula chipewa. Ine ayi! Galimoto ya Bwana iyo, ine ndikupalasabe, chipewa chili pamutu. Mphepo ya galimoto phuu, chipewa icho! Pochiwakha ndagwera m'tiyi ndi njinga yomwe. Bwana akweza dzanja, akondwa ndi ulemu woterewu.

Lachinayi
Nyimbo za kutchalitchi mu ofesi, mokweza, mavesi onse. Bwana ali ku Limbe. Amva ndi a Dona, akazi awo: "Uzibwera kudzaimbira ana anga."

Lachisanu
Ndaima pamaso pa Bwana, osagwada. "Mawa ndi Sabata la Ambuye, sindibwera." Nkhope yawo psuu! "Ukajomba mawa, usadzapondenso pano."
Aleluya! Ndamanga kale katundu: Baibulo, jekete, nyale.

Loweruka
Mvula chiyambire m'mawa. Mlatho wa ku fakitale wakokoloka, belu la ntchito silinalire, palibe wagwira ntchito. Esiteti yonse yasunga Sabata, ndi Bwana yemwe. Kujomba kwanga sanakuone munthu.

Lamulungu
A Muhiwa abwera ndi nkhani ziwiri. Mlonda wa ku fakitale, mkulu amene wakalambira pachipata, amuchotsa popanda notisi. Akuti anagona pamene mlatho umapita, ngati akanaugwira ndi manja. M'nyumba ya esiteti atuluke mawa. Wagwada, wavula chipewa, sizinathandize. Yachiwiri: Bwana akuti amakonda munthu wolankhula mosaopa, andikweza ku ofesi yaikulu, ndisaine chaka china.
Sindisaina! Koma chaka chinochi chikadandimanga. Baibulo ndalibwezera patebulo, nyale pakhoma.
Ambuye, sindikukuphunzitsani ntchito, koma ndikuona ngati mwasinthanitsa maina. Wopempha kuchotsedwa ndine, osati mkulu uja. Konzani chonde. Yankho ndilimve pofika Lachiwiri, chifukwa ku Makwasa ndi mtunda, ndipo njinga ija inapindika.