Tingalande ta puleni ya a Lowell

Mu Okutobala chaka chatha, a Lowell Amstutz anapambana mpikisano wopala matabwa wa gulu lathu, ndipo chipambanireni sindinawaonenso akuseka. Woweruza ndinali ine, choncho sindiwonjezera kanthu.

Inu, tamverani. Gulu lathu la otolera mapuleni akale opalira matabwa kuno ku Ohio linagawikana kalekale. Ena amati puleni yeniyeni ndi ya tingalande kunsi, tonga ta malata, chifukwa siikakamira pa thabwa. Ena amati yosalala ndiye mwini ntchito. Ine mabuku a nkhaniyi ndawerenga onse, kusiyana kwake sindinakupeze. Koma a Lowell, mtsogoleri wa atingalande, ndi alamu awo a Orrin, mtsogoleri wa osalala, anakanganapo ngakhale pa maliro.

"Alamu," anatero a Orrin, "chaka chino tithane nazo. Puleni imene ipambane, mbali yake ndiyo yoona. Wogonja asamukire pa benchi ya mbali ya mnzake."

"Yambani kulongedza," anayankha a Lowell.

Puleni yakale isanapikisane timaiwongola kunsi. Umapaka inki kunsi konse, n'kumakhutiza pa sandipepa womatidwa pa galasi mpaka inkiyo itatha. Inki yotsalira m'tingalande ndiye umaisiya, aliyense amadziwa. Koma a Lowell maso anayamba chidima, ndipo mandala amakana, ati ndi a nkhalamba. Munthu woti zidzukulu zake zili ndi ana!

Akatembenuza puleni ankangoona mbuu, kwakuda. "Sinawongoke!" Ayambirenso kukhutiza. Zala zinasupuka, anazikulunga mabandeji, moti ngakhale kukhudza sankamva kanthu. Galasi la m'galaja litasweka anatenga la patebulo. Nalonso litasweka anazula chitseko chagalasi cha bafa.

"Bambo," anatero akazi awo, a Maxine, "chitsulochi chikuondatu."

"Mayi, inu mukamaphika chitumbuwa cha maapozi ine ndimalowererapo?"

Paja safunsa anadya phula. Anakhutiza chilimwe chonse mpaka kadontho komaliza ka inki kanachoka.

Tsiku la mpikisano a Orrin anapala bwino ndithu. Koma a Lowell atangokankha kamodzi, panatuluka chopalidwa cha thabwa chopyapyala moti ndinachiyala pa nyuzipepala n'kuwerenga za nyengo popanda vuto. Nditatulutsa mpweya, chinauluka n'kukakhala pa chipewa cha abusa ena amene ankaonerera.

A Lowell anakwera pa benchi. "Mwaiona mphamvu ya tingalande? Orrin, bwera kuno, mwana iwe!"

Lamulo limati woweruza atembenuze puleni yopambana kuti onse aione. Ndinaitembenuza. Abale, ndinadziona nkhope. Kunsi kunali see, ngati kalilole, popanda ngakhale kamzere.

A Maxine anavula mandala awo n'kuwaveka amuna awo.

A Lowell anayang'ana, anapukuta ndi malaya, anayang'ananso. "Tingalande tilimo," anatero motsitsa mawu. "Tangolowa m'kati."

"Zoona, alamu," anatero a Orrin, akusuntha kuti apereke malo. "Nanunso lowani m'kati. Takusungirani pafupi ndi khofi."

A Lowell anandidandaulira kuti ndiweruze potengera mmene puleniyo inabadwira. Ndinawauza kuti ine ndimaweruza zimene ndikuona.

Chikho chimene anapambana chili kunyumba kwawo. Bafa lilibe chitseko. Loweruka lililonse a Lowell amakhala pa benchi ya osalala, atavala mandala.