Tsiku Limene Amigu Anandikokera ku Tchalitchi

Anzanga, ine ndinaphunzitsidwa mwambo ndi galu, ndipo mudzi wonse ndi mboni.

Amalume anga a Yohane, amene ankaliza belu la tchalitchi chathu kufupi ndi Chiwanga, anadwala mwendo mpaka kuwatumiza kuchipatala ku Lichinga. Pokwera galimoto Lolemba lija sanandisungitse bwato kapena ukonde ayi, anandisungitsa Amigu, galu wawo wofiirira wa khutu limodzi logwa. "Lukasi, uyu ndi mwana wanga," anatero. "Ndidzampeze wamoyo."

Amalume atangochoka, galu uja analeka kudya. Ndimuikire usipa pamphuno, iye kutembenukira kukhoma. Pofika Lachinayi nthiti zinayamba kuonekera, ndipo amalume akaimba foni ndinkanama kuti akudya ngati msodzi wochokera panyanja. Mtima unkandiwawa zedi.

Ndiye ndinaganiza zanzeru: galu akathamanga amamva njala, si choncho? Ndizimuthamangitsa pamchenga m'mawa uliwonse, ndimuphunzitsenso kukhala ndi kudzuka, amalume adzapeze msilikali. Tsiku loyamba ndinathamanga mpaka pamathandala oyanikapo usipa, kucheuka, Amigu ali chigonere pomwe ndinamusiya. Tsiku lachiwiri ndinati ndimuonetse chitsanzo. "Khala!" ine n'kukhala pamchenga. "Dzuka!" ine n'kudzuka. Galu akungondiyang'ana. Amayi oyanika usipa anasiya ntchito, a Fatuma n'kukuwa kuti, "Mwakhoza, a Lukasi! Bwerani mulandire kausipa!"

Lamulungu ndinati lero tithana. Ndinatenga chingwe cha ukonde, mbali ina m'khosi mwake, mbali ina m'chiuno mwa kabudula wanga wakale wopitira kunyanja, n'kumanga mfundo yeniyeni ya msodzi, ija yosamasuka. Malaya sindinavale, ndani amathamanga ndi malaya? Ndikumukoka choncho, belu linalira, koyamba chichokereni amalume.

Mayo ine! Galu wosadya sabata yathunthu mphamvu zija anazitenga kuti? Anangoti khutu tcheru, n'kuliyatsa liwiro, ine pambuyo ndikukuwa "Khala! Khala!" Tinadutsa pansi pa thandala, mutu wanga gu, usipa m'tsitsi. Tinadutsa pakati pa anthu ovala bwino opita ku misa, ine ndikulimbana ndi mfundo, mfundo ikunditsimikizira kuti ndimadziwa ntchito yanga. Kenako khomo la tchalitchi, momwe ndinali ndisanapondemo chikwatireni. Ndinapunthwa pakhomopo, galu anakokabe, kabudula n'kutsetsereka mpaka m'mawondo. Amayi a kwaya nyimbo inawathera pakamwa.

Amigu sanasamale za ine. Analunjika pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi chingwe cha belu, pomwe amalume amakhala. Ananunkhiza, nalira pang'ono, n'kugona pansi pake phee. Nanga ine ndikanapita kuti, womangidwa? Ndinakhala pomwepo, pachifuwa pambalambanda, manja onse pakabudula, ndipo misozi inalengeza, osati ya manyazi okha. Galuyu sankafuna usipa wanga, ankasowa mwini wake.

Misa itatha a padiri, ansembe athu, anabwera akudziletsa kuseka. "A Lukasi, takuitanani zaka zambiri, sitinadziwe kuti pamafunika chingwe. Poti mwafika, belu la amalume anu muziliza ndinu, seti ora, seveni koloko m'mawa, tsiku lililonse."

Tsiku lomwelo Amigu anadya, mpaka kunyambita mbale.

Masiku ano m'mawa uliwonse timathamanga awiri mpaka kutchalitchi, iye patsogolo, ndipo nthiti zija zabisala. Amalume ataimbanso foni anafunsa, "Mwana wanga wamuphunzitsa chiyani?"

"Palibe, amalume," ndinayankha. "Koma ine tsopano ndikaitanidwa ndimabwera, akandiuza kukhala ndimakhala."

Anaseka mpaka anamwino kuwadzudzula. Ine ndinalumbira: galu ndidzasunganso, belu ndizilizabe mpaka amalume adzabwere, koma chingwe cha galu pakabudula sindidzamanganso, ndipo Lamulungu ndimavala lamba.