Laputopu Yoopa Nsalu ya Amayi

Kwa Bwana Wamkulu,
Dzuwa Kompyuta,
Harare.

Olemekezeka Bwana,

Lero Lolemba, kuno ku Mufakose kwacha ndi mphepo ya fumbi. Makondakitala a makombi, maminibasi a kuno, akukuwa, jenereta ya kugolosale ikutsokomola, magetsi achoka kusanache monga mwa mwambo wawo. Ine ndine mwana wa Fomu 3, wosayenera n'kupukuta komwe nsapato zanu. Koma poti chikwangwani chanu chikuti tikuuzeni laputopu ya kumtima kwathu, "ya ntchito ndi ulendo", ndalimba mtima.

Ndithokoze kaye chifukwa cha laputopu imene munagulitsa achimwene anga a Raul. Amalondola pakompyuta malole opita ku Tete pa kampani ina ku Southerton, ndipo abwana awo ananeneratu kuti wopanda makina ake asaoneke lero.

Nazi zopempha zanga:

1. Batire. Yanuyi imafa kombi isanafike m'tauni. Zikomo, mwatiphunzitsa changu.

2. Chizindikiro chowala pachivundikiro n'chokongola kwambiri, moti akuba a pa siteji amachiona ngakhale chili m'thumba la mpunga. Tipangireni yooneka ngati thabwa lodulirapo tomato.

3. Ichi ndiye chachikulu. Kwathu chinthu chaulemu chimafunditsidwa nsalu yoluka: wailesi, TV, ngakhale chithunzi cha malemu bambo. Laputopu ya a Raul nayo amayi anailukira yakeyake yoyera, n'kuifunditsa ili chiyakire pa chaja. Inatentha, inanunkha, inazima. Anyamata anu a m'shopu anatiunikira kuti makina amapumira m'mbali, komanso kuti lonjezo lanu lokonza mwaulere silifika pa umbuli wa mwini. Anaseka mokoma, amayi ataima pomwepo. Munawaphunzitsa bwino ntchito. Chichokereni m'shopumo amayi sanagwirenso ulusi. Tikufuna laputopu yodziwa kupuma ikalemekezedwa.

Ndamva kuti akatswiri anu amayesera makina m'zipinda zozizira zopanda fumbi. Ngati sikukuvutitsani, mukadzapanga ina mudzaigoneke kaye m'nyumba ya munthu amene mukufuna kumugulitsa. Inu musadzavutike kubwera, msewu wathu ungakuipitsireni galimoto.

Kalatayi ndikuimaliza nditaweruka. A Raul anapitabe kuntchito chimanjamanja, ndawapeza atabwerako kale, ali pakhonde osavula nsapato. Amayi sanabwere kuchokera kumsika, atumiza mawu kuti agona kwa azakhali ku Kambuzuma.

Ine wanu wotsikitsitsa,
Elcídio