A Miti Analibe "Niece"

Ku Katete kuno aliyense akudziwa kuti malemu a Elijah Miti anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu akudana nacho. Osati chonse ayi. Mayina a zinthu, a malo, a magulu a ziweto ankaphunzitsa akumwetulira. Koma tikafika pa mutu wa achibale, choko chinkathyoka katatu belu lisanalire.

"Chilankhulo cha anthu ouma mtima," ankatero. "Mng'ono wa bambo ako akhale uncle? Ndi bambo ako amenewo, mbuzi iwe."

Ine ndinali mbuzi yawo ya Giredi 6. Ankatilembetsa my mothers' field, kachizindikiro kaumwini kali kumapeto, poti mwana wa Mchewa ali ndi amayi ambiri ndipo munda ndi wa onsewo. Woyendera masukulu wina anafuna kuwakonza. A Miti anamufunsa kuti iyeyo anamulera amayi angati. Munthu uja anawerenga zala, nafika pa zinayi, nakwera galimoto yake osatsazika.

Ukali umenewu unali ndi pochokera. Mng'ono wawo atamwalira ku Vubwi, a Miti anakatenga mwana wake wa zaka zitatu, Bridget, namulera pamodzi ndi ana awo obereka, Newton ndi Sylvia. Ndiye wina ayerekeze kumutchula kuti niece. Kalaliki wina analemba mawuwo pa fomu ya mayeso. A Miti anakhala pa benchi ya mu ofesimo kuyambira m'mawa, akumufotokozera mtundu wawo wonse mokweza, mpaka mwana wa eni ake analemba daughter kuti apeze mpata wokadya. Pa ukwati wa Bridget, woyendetsa mwambo anawaitana kuti uncle wa mkwatibwi. A Miti anamulanda maikolofoni, nyimbo zinaima, keke anadikira theka la ola.

"Chikuku anadwalira kumsana kwanga uyu. Ndi uncle uti amene anagona pansi kuchipatala?"

Tinaseka mpaka misozi, Bridget atabisa nkhope m'velo.

Mwezi wathawu tinawaika m'manda. Newton anabwera kuchokera ku Lusaka ndi mapulogalamu osindikizidwa bwino, Chingerezi chokhachokha. Ana, awiri. Pansi penipeni, pambuyo pa azilamu, Bridget, niece. Ndinawerenga mtima ukuwira, ndipo sindinali ndekha, poti theka la anthu pamaliropo linadutsa m'kalasi mwa a Miti.

Itakwana nthawi yoika nkhata, mkulu wa mpingo anaitana ana a malemu motsata pepalalo. Newton ndi Sylvia ananyamuka. Bridget, amene anawamwetsa phala ndi mankhwala miyezi isanu ndi itatu ya matenda awo, anadzuka pang'ono, nayang'ana uku ndi uku, nakhalanso pansi nkhata ili pamiyendo.

Tonse tinayang'anana kudikira kuti wina akalipe. Aphunzitsi, madikoni, ine ndi ndevu zangazi. Tinazolowera kuti zoterezi zili ndi mwini wake wozikalipira, ndiye tinangoti duu mpaka kwaya inayamba nyimbo. Bridget anaika nkhata yake pamapeto, pamodzi ndi anzawo a malemu a kumsika.

Mpaka lero ndine wokwiya, ndipo Newton si amene ndakwiya naye kwambiri. Katete wazizira tsopano, tonse tikulankhulana mwaulemu wokhawokha. Bridget amadutsa pa shopu yanga m'mawa uliwonse n'kundipatsa moni, ine ndimayankha nditayang'ana pa sikelo.