Che Twalibu, Katswiri wa Kufa

Mphekesera inayamba ndi Hudson wa kabaza, ndipo nkhani ikayamba ndi wa kabaza muziyamba mwaipeta kaye kuti mankhusu achoke. Iye akuti anapita ku Nayuchi kukaona apongozi ake, ndipo pamsika wa kumeneko anaona Che Twalibu, telala wathu wa pakhonde la kufupi ndi siteshoni ya Balaka, yemwe tonse tinali titauzidwa kuti anamwalira ku Mozambique. Akuti anali wamoyo bwinobwino, akutafuna nzimbe, chipewa chitapendekera pa diso limodzi.

"Unawalankhula?" ndinamufunsa.

"Iyayi madala, ndinangowaona kumsana."

"Nanga diso unaliona bwanji kumsana?"

"A Esau, chipewa chija chimadziwika ndi kumsana komwe."

Ndinamuseka pagulu, koma kunena zoona khutu langa limodzi linakana, linalo linavomera. Munthu wina aliyense akafa, wafa basi. Koma Che Twalibu anali atafa kale kambirimbiri ife tikuona, ndipo ulendo uliwonse ankadzuka n'kusasa fumbi.

Matendawa anawatengera kwa ansembe ena achizungu. Ali mnyamata ankasesa holo ya ansembewo, ngakhale iwo anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. M'holomo munali makina oonetsera kanema pachinsalu, ndipo ankaonetsa mafilimu a ku Amerika akalekale aja opanda mtundu, akuda ndi oyera ngati nkhanga. Anzawo ankaonera n'kuiwala. Iwo zinawalowa m'mafupa. Atakula n'kukhala telala, anagula ka TV ndi deki n'kuziika pambali pa makina osokera, ndipo madisiki ankachita kuitanitsa ku Limbe. Buluku lako limatha kukhala mwendo umodzi wautali wina waufupi, malinga ndi pamene filimu inafika.

Chizungu chawo chinali ngati changachi, cha Sitandade 4, chongokwanira kupemphera madzi akumwa. Ndiye mayina a azungu a m'mafilimuwo anangowapatsa okha. Panali Che Nsidze, yemwe ankaopseza chigulu cha anthu pongokweza nsidze imodzi. Panali Che Ndudu, wa jekete lalitali, wolankhulira pakona pa kamwa ndudu osagwa. Koma mfumukazi ya onse anali Abiti Masitepe, mayi amene filimu iliyonse ankatsika masitepe pang'onopang'ono, diresi likukwekwereza kumbuyo.

"A Esau, taonani!" ankatero, phazi litaima pa makina. "Sanalankhule kanthu mayiyu, koma bambo ali pansiyo watha kale. Maso okha!"

"Ine ndikuona ulesi. Masitepe omwewo mpaka dzuwa kulowa? Kumunda adzafika liti?"

"Inu munabadwira pa mpini wa khasu, simungamve."

Mafilimu amasiku ano ankadana nawo ngati chimfine. Achinyamata akati aike ya makofi ndi mabomba, iwo ankalavula ulusi n'kuyamba ulaliki. "Zanuzi anthu amafa ngati ngumbi pa nyali. Phuu! Chigulu chagwa, palibe wotsanzika, palibe wofunsa za ana. Kale munthu ankafa mwaulemu. Chipolopolo chikamupeza ankayamba wadabwa kaye. Ayang'ane pamalaya. Ayang'ane amene wamuwomberayo, ngati akuti, kodi ndiwe achimwene? Kenako bondo limodzi pansi, osati onse awiri, onse awiri ndi mbuzi."

Akafika pamenepo sankathanso kufotokoza ndi pakamwa. Ankaimirira, kugwira pamtima, kuzandima mpaka pa mzati wa khonde, kutsetsereka nawo pang'onopang'ono, n'kuyamba mawu otsiriza. Mawu otsiriza a Che Twalibu munthu umatha kupita kukagula mandasi n'kubwerera kudzawapeza akadali pakati. Ankakhululukira adani, kugawa mahatchi omwe analibe, kutsanzika akazi awo, kenako ankadziphimba kumaso ndi chipewa n'kuti zii. Tsiku loyamba, mayi wina wa ku Nselema yemwe anabwera kudzayezetsa bulauzi anathawa akukuwa, tepi ili m'khosi. Tepiyo sinabwerenso.

Imfa yawo yotchuka inachitikira pamsika. Njinga ya kabaza inangowakhudza chigongono, kukhudza kwenikweni ngati mmene ntchentche iterera pa mango. Che Twalibu anaona kuti pali anthu ambiri, mwayi wotere subwera kawiri. Anazungulira, anagwetsa mulu wa tomato, anagwa chagada. Tsiku limenelo anafa bwino kwambiri moti ngakhale ine amene ndimawadziwa ndinavula chipewa. Wa kabazayo anasiya njinga n'kuliyatsa liwiro la ku Liwonde. Amayi anayamba maliro. Wina anathamangira kwa Shehe, ndipo pasanapite nthawi anyamata anatulukira atanyamula jeneza, chonyamulira maliro.

Shehe anagwada n'kuwagwira pamkono.

"Che Twalibu," anatero motsitsa mawu, "mtembo suchita thukuta."

Malemuwo anatsegula diso limodzi. "Shehe, ndigwireni mutu. Pamenepa pamafunika wina wogwira mutu, mwinanso kugwedeza pang'ono n'kumati usatisiye."

"Dzukani! Tsiku lina malaika wa imfa adzabwera inu n'kumayesa ndi mnzanu wa sewero."

"Akadzabwera adzapeza ndakonzeka. Enanu mudzafa osayeserera n'kamodzi komwe."

Tomato analipira posoka mayunifolomu a ana a mwini tomatoyo, ndipo Lachisanu lotsatira khutuba yonse, ulaliki wa ku mzikiti uja, inali ya iwo ngakhale dzina silinatchulidwe.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankapusitsika: akazi awo, a Fauziya, omwe tonse timawatchula Abiti Nasiru. Mayi wamfupi, wosaseka wamba, wogulitsa zitumbuwa. Iwo anali ndi mankhwala oukitsira akufa. Akapeza amuna awo ali gone pakhonde, chipewa kumaso, ankawalumpha ngati chipika n'kufuula: "Makina osokera awa ndikugulitsa! Alipo akufuna?" Pomwepo mtembo unkadzuka.

"Abiti Nasiru, mulibe chisoni? Mwamuna wanu wafa."

"Mwafa Lolemba, mwafa Lachitatu. Ine ndilire kangati pa sabata?"

"Abiti Masitepe akanakomoka."

"Akakuphikireni yemweyo."

Koma ndinkawaona ine. Filimu ikafika pamene wina akutsanzika mnzake pa sitima, utsi uli tolo, mayiwa ankaima pakhomo ndi beseni lawo la zitumbuwa ngati akuyang'ana nkhuku, osachoka mpaka nyimbo itatha.

Ndiye chaka chathachi Che Twalibu anapita kutsidya kwa malire, kupitirira Nayuchi pang'ono, kukaona mlongo wawo amene anakwatiwa kumeneko. Patapita masiku kunabwera foni yoti amwalira mwadzidzidzi, ndipo mwa mwambo wa Chisilamu aikidwa tsiku lomwelo. Wa ku Balaka kuno panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona thupi.

Abiti Nasiru anamvetsera foniyo mpaka kumapeto, kenako anati: "Muwauze kuti makina ndikugulitsa." N'kudula.

Apa m'pamene zinavuta. Mkazi wamasiye amayenera kukhala eda, kubindikira pakhomo miyezi yake, ndipo pamayenera kuchitika sadaka yopempherera malemu. Mayiwa anakana zonse. M'mawa mwake anali pamsika ndi zitumbuwa. Shehe anabwera kudzawalangiza, iwo anati, "Inu nomwe munabwera ndi jeneza ulendo uja, mwaiwala?" Achibale a mwamuna anayamba kulankhula zolasa. Ena ankati mayiyu mutu wasokonekera. Ena ankati sankawakonda amuna awo. Ena, ndipo ine ndinali nawo m'gulu limeneli, tinkati awiriwa apangana, mkuluyo wabisala penapake kuti aone amene alire kwambiri. Ndinafika pomasuzumira pawindo lawo podutsa, kuwerenga makapu a tiyi pa thandala.

Makina anawatulutsadi panja, pamalo oonekera, kuti mbiri iwoloke malire. Anthu ankafunsa mtengo, iwo ankatchula wa ng'ombe kuti asagulidwe. Sabata inatha, ina inatha. Mtembo sunadzuke. Mayiwa anayamba kuonda, zitumbuwa zinayamba kupserera, koma misozi ayi. Achibale aja anapereka mawu omaliza: akapanda kukhala eda, sadaka akachitira kwawo popanda iwo, ndipo asadzawatchulenso alamu.

Nthawi imeneyo m'pamene Hudson anabwera ndi nkhani yake ya nzimbe. Tsiku lomwelo Abiti Nasiru anafika kwathu, ambulera ili m'manja.

"Alamu, mawa tikupita ku Nayuchi."

"Ine? Bwanji osatenga achibale?"

"Inu ndi amene munkaseka kwambiri akamafa. Mukawathandize kudzuka."

Tinakwera sitima. Njira yonse ine ndinkayang'anitsitsa aliyense wovala chipewa. Pa Liwonde ndinatsala pang'ono kukoka ndevu za mkulu wina, poganiza kuti n'zomata. Mayiwa anangofumbata ambulera ija ngati munthu wopita kukapha njoka.

Pamsika wa Nayuchi sitinavutike. Chipewa chinali uko, pafupi ndi ogulitsa zitenje, chopendekera momwe muja, nthenga ya nkhanga ili pambali. Ndisanatsegule pakamwa, Abiti Nasiru anali atafika kale, ambulera n'kutera pamsana. Phwa!

"Mwamuna wopanda manyazi! Ine ndikutukwanidwa ku Balaka inu mukudya nzimbe?"

Munthuyo anatembenuka. Anali mkulu wina wakuda bii, wa mano awiri, yemwe sitinamuonepo chibadwire.

"Mayi, ndalakwa chiyani?"

"Chipewachi mwachitenga kuti?"

Anativulira chipewacho mwaulemu n'kunena kuti dzina lake ndi Che Latifu, woyandikana nyumba ndi mlongo wa Che Twalibu. Iye ndi amene anasambitsa thupi, ndipo abale anamupatsa chipewacho pomuthokoza. Ine sindinagonje msanga.

"Achimwene, tiuzeni zoona, sitikuululani. Wakunyengererani ndi chiyani kuti muzinena zimenezi? Wakulonjezani suti?"

"Bambo, ine ndi wamkulu. Tiyeni ndikakuonetseni manda."

"Manda ndi dothi," anatero Abiti Nasiru. "Aliyense angathe kuunjika. Ine ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi. Pomaliza ananena chiyani?"

Che Latifu anayang'ana pansi. "Palibe, mayi."

"Palibe bwanji? Yambirani poyamba."

"Tinachokera limodzi ku mzikiti masana, ine n'kulowa kwathu. Anakhala pamkeka, anati mutu ukuwawa, anapempha madzi. Mlongo wawo pobwera ndi kapu anapeza atatsamira khoma. Basi."

"Sanagwire pamtima?"

"Iyayi."

"Bondo limodzi pansi?"

"Anali chikhalire, mayi."

"Mahatchi sanagawe? Sanakhululukire aliyense? Dzina langa sanalitchule?"

"Nthawi panalibe."

"Anthu analipo angati?"

"Panalibe munthu. Nkhuku zokha pabwalo."

Abiti Nasiru anayang'ana ine, ine ndinayang'ana njanji. Ambulera inagwa. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, pakati pa msika, miyendo tambalale.

"Alamu," anatero ndi mawu aang'ono omwe sindinawamvepo, "akanakhala akusewera sakanalola kufa moipa chonchi. Popanda ndi woonera yemwe?"

Ndiye analira. Kulira kwa imfa zonse zija anazilumpha pakhonde kunatuluka tsiku limenelo. Amayi a zitenje, osawadziwa n'komwe, anasiya malonda n'kudzakhala nawo pansi. Ine ndinawoloka ndi Che Latifu kukaona mandawo. Anali kamtumbira wamba pansi pa mtengo wa mkesha, udzu utayamba kale kumera. Ndinaimapo kanthawi, ndipo ndisakunamizeni, ndinatsokomola kawiri mokweza kuti mwina. Kunali zii.

Titabwerera, mayiwa anakhala eda yawo yonse, sadaka inachitika, achibale anabwera ndipo mpunga unakwanira. Pakhonde paja tsopano pali mnyamata wotchaja mafoni. Amaonetsa za mabomba zija, anthu akufa ngati ngumbi, ndipo palibe woimirira kuti awadzudzule. Pamsika munthu akagwa masiku ano timadziwa kuti wadwaladi, timathamangira galimoto, palibe woseka. Ine ndikamadutsa pasiteshoni sitima ikunyamuka, ndimapezeka ndaima n'kumaonera anthu akutsanzikana, wina ali pafoni, wina akukangana ndi wonyamula katundu, ndipo ndimasowa woti ndimugwedeze chigongono n'kumuuza kuti awa sakutha.

Hudson mpaka lero amalumbira kuti anawaona. Sanawaone. Che Twalibu anamwalira, ndipo ali m'manda kutsidya kwa Nayuchi.